Mlatho Wogwa Wokha

M'dziko la Tiziwoneka boma silinkayamba ntchito dzuwa likatuluka ayi. Linkayamba mfumu ikapenya. M'mawa uliwonse Mfumu Kapenyeni Wachiwiri, imene anthu ankaitcha Maso a Dziko, inkatuluka pakhonde la nyumba yachifumu, kapu ya tiyi ili m'manja, nduna zili pamzere kumbuyo. Inkayang'ana kutsidya kwa mtsinje wa Chedwetsa, kumene kunali phiri la nkhalango ya Musakhudze, n'kunena kuti, "Kukuoneka bwino." Zikatero nduna zinkaomba m'manja, maofesi n'kutsegulidwa, ana n'kulowa m'kalasi. Tsiku lina kunagwa nkhungu, mfumu sinaone kanthu, ndipo dziko lonse linagona tchuthi.

Panali chinsinsi chimodzi chimene aliyense ankachidziwa. Maso a mfumuyo sankaona patali. Madokotala anaiuza za magalasi, koma inakana, poti magalasi akanaononga nkhope imene inapachikidwa m'maofesi monse.

Nkhalango ya Musakhudze inali yotetezedwa kuyambira nthawi ya agogo ake a mfumu. Lamulo lake linali lalifupi: nkhwangwa isalowemo, koma chogwa chokha ndi cha wotola. Masuku ankagwa okha, nkhuni zouma zinkagwa zokha. Za bowa nduna zinakanganapo kwambiri, kenaka zinagamula kuti bowa umagwa pamodzi ndi mvula.

Kuseri kwa nkhalangoyo kunali dera la Tidikire, kumene kunkakhala anthu osesa, ophika ndi olondera nyumba za ku Takhuta, tsidya la mfumu. Mitengo inkabisa deralo bwinobwino, moti mfumu inali isanalionepo chibadwire. Anthu ake ankawolokera padoko la Pindani, amuna atapinda mabuluku, amayi atakwinya zitenje. Mvula ikagwa ankangoima pagombe n'kumauyang'ana mtsinjewo.

Pamsika wa Tsitsaniko, kumunsi kwa Takhuta, panali mnyamata wojambula zikwangwani, dzina lake Kamtedza. Ankajambula mitu yometa bwino pa mababashopu ndi nkhuku zosekerera pa malo okazingira tchipisi. Anali wamanyazi kwambiri, moti wogula akamuyamikira iye ankayankha chidebe cha penti. Vuto lake linali limodzi. Mutu uliwonse umene ankajambula, ngakhale wa bambo wandevu, unkatuluka ndi maso a Esinati.

Esinati ankakhala ku Tidikire. Ankatola masuku ndi bowa m'Musakhudze n'kumagulitsa pamsikapo, beseni lake moyang'anana ndi benchi ya Kamtedza. Mawu a chikondi anatenga nyengo ziwiri za masuku kuti atuluke, ndipo amayi apamsika amanenabe kuti amene anawamalizitsa ndi Esinati yemwe. Ankhoswe atapita kukapempha chitengwa, kuti Kamtedza amutenge mkazi kukakhala naye ku Takhuta, malume ake a Esinati, a Chikhasu, sanazungulire.

"Mnyamatayo ndilibe naye chifukwa," anatero. "Koma mwana wa mlongo wanga sangakakhale kumene maliro akagwa kuno azidikira kaye madzi aphwe. Mlatho ukamangidwa, bwerani mudzamutenge. Apo ayi, mnyamatayo abwere chikamwini."

Chikamwini Kamtedza sakanachikana, koma ku Tidikire kunalibe wofuna chikwangwani. Aliyense ankadziwa kale amene amameta ndi amene amakazinga. Choncho banja lake lonse linatsamira pa mlatho.

Za mlathowo anthu anazimva kuyambira ali ana. Nduna ya Zomangamanga, a Tidzamanga, inkaika mwala wa maziko chaka ndi chaka, mpaka miyalayo inasanduka mulu umene amayi ankayanikapo zovala. Koma chaka chimenecho zinthu zinasintha. Mtsinje unadzaza, wophika wa kunyumba yachifumu anatsakamira kutsidya, ndipo mfumu inapenya dziko popanda tiyi. Tsiku lomwelo inalamula kuti mlatho umangidwe.

Bwalo la nduna litakumana, a Tidzamanga anayamba kufotokoza za simenti ndi zitsulo mwamantha, ngati munthu amene nthabwala yake yasanduka ntchito. Asanamalize, inaimirira Nduna ya Maonekedwe, Mayi Chiphamaso, amene ankasintha duku katatu msonkhano usanathe.

"Anzanga olemekezeka," anatero, "mlatho pawokha ndi wokongola. Ine mlatho ndimaukonda. Koma mwaganizapo kuti padzadutsa chiyani? Anthu! Njinga za makala, mbuzi, mabeseni, azibambo ovala malaya a mpira ong'ambika. Zonsezo kutsogolo kwa Musakhudze, pamaso pa Maso a Dziko. Nkhalango tinaiteteza ku nkhwangwa. Nanga tiisiye ionongeke ndi maonekedwe a anthu?"

Nduna zinang'ung'udza movomereza. Ina inati anthu aziwoloka chowerama. Ina inati aziwoloka mfumu ikatembenuka. Nduna ya Ziweto inapempha kuti mbuzi zowoloka zizipakidwa penti wobiriwira, ndipo inaomberedwa m'manja. Pomaliza anagwirizana kuti asanakumbe ngakhale dzenje limodzi, mfumu ione kaye mmene malowo adzaonekere. Pafunika chithunzi chachikulu choimika pagombe la Takhuta, moyang'ana khonde.

Ndi mmene galimoto ya unduna inaimira pabenchi ya Kamtedza.

"Ndiwe wojambula nkhuku zija?" anafunsa Mayi Chiphamaso, galasi la galimoto atatsitsa theka.

"Ndine, mayi," anatero Kamtedza, akuyang'ana tayala.

"Mlatho ungauthe?"

Kamtedza anamva kuti boma likumupempha kuti athandize kubweretsa Esinati. "Ndiyesetsa, mayi."

"Alamu, mwalemera!" anakuwa Mayi Nangozo, wogulitsa tomato pafupi ndi Esinati. "Koma mlathowo usatuluke ndi maso a mwana wathuyu!"

Akalipentala anafunsa kumene matabwa achokere. Mayi Chiphamaso anati mwamwayi mitengo ingapo ya m'Musakhudze yagwa yokha sabata yomweyo. Inagwa bwino kwambiri, yodulikadulika kale, moyang'ana kumene kunaima lole.

Kamtedza anagwira ntchitoyo ndi mtima wonse. Anajambula mtsinje wabuluu, ngakhale Chedwetsa chibadwire ndi wamatope. Anajambula phiri, misuku, mibawa, ndi mlatho woyera wa nyali m'mbali. Atamaliza anaona kuti pamlathopo pakusowa kanthu. Anayang'ana uku ndi uku, n'kujambula pakati pake kamayi kakang'ono kosenza beseni.

Mayi Chiphamaso anakaona asanatsike n'komwe m'galimoto.

"Icho n'chiyani?"

"Ndi munthu, mayi."

"Munthu akutani pamlatho?"

Kamtedza anatenga burashi, n'kumusandutsa mayiyo mphika wa maluwa.

M'mawa mwake mfumu inatuluka ndi tiyi wake. Mayi Chiphamaso anali atakonza mawu ofotokoza kuti ichi ndi chithunzi chabe chongoyerekeza. Anamuimika Kamtedza kumunsi kwa masitepe kuti mfumu ikakwiya pakhale womuloza. Mfumu inatsinzinira, inasuzumira, kenaka inaika kapu pansi.

"Tidzamanga!"

"Wawa, Maso a Dziko."

"Wamanga kale?"

A Tidzamanga anayang'ana Mayi Chiphamaso. Mayi Chiphamaso anayang'ana duku la mnzawo. M'mbiri yonse ya Tiziwoneka panalibe munthu amene anauzapo mfumu kuti yaona molakwa.

"Tinagwira ntchito modzipereka, Maso a Dziko," anatero a Tidzamanga ndi mawu owonda.

"Ndipo mtsinje mwautsuka! Kukuoneka bwino. Kukuoneka bwino kwambiri!"

Nduna zinaomba m'manja mpaka zikhato kuwawa. Kamtedza anatsegula pakamwa. Mawu anafika pakhosi, anaona asilikali, n'kubwerera.

Masana wailesi inalengeza kuti mlatho wa Chedwetsa watha nthawi yake isanakwane. Pamsika anthu anamvetsera nkhaniyo mabuluku awo akudonthabe madzi.

"Inetu ndadutsapo m'mawa uno," anatero wakabaza wina, akufinya sokosi. "Ndi wosalala bwino, kungoti umanyowetsa."

"Musanyoze boma, achimwene," anatero Mayi Nangozo. "Milatho ya maiko ena imagwa ndi anthu. Wathuwu sudzapha munthu."

Patsiku lotsegulira, a Tidzamanga anadula riboni kutsogolo kwa chithunzi, gulu la nyimbo linaimba, ndipo alendo anapemphedwa kuti asayandikire kwambiri, mlathowo usanaume.

Mavuto anayamba ndi dzuwa. Nyengo itasintha, mfumu inasuntha mpando wake kumapeto kwa khonde kuthawa kutentha, ndipo kuchokera pamenepo m'mphepete mwa chithunzi munkaoneka. Anachikulitsa kumanzere. Mfumu itasunthira kwina, anachikulitsa kumanja. Tsiku lina inaimirira kuti iwongole msana, nduna zonse zinatuluka thukuta, ndipo chithunzi anachitalikitsa mpaka chinaposa nsanja ya tchalitchi. Chinthu chachitali chotero chimafuna mizati yochirikiza kumbuyo, ndipo mizatiyo imafunanso mizati yake. Mitengo ya m'Musakhudze inapitiriza kugwa yokha. Inagwa yokwanira chithunzi, ina inagwera kumene nduna zinkamanga nyumba zawo, ina inagwa itapsa kale n'kukhala makala. Alonda a nkhalango anati chaka chimenecho kunali mphepo yachilendo, yolira ngati macheka.

Unduna wa Maonekedwe unalengeza kuti Musakhudze ndi nkhalango yotetezedwa kuposa zonse padziko, poti masamba ake sayoyoka ngakhale m'chilimwe.

Kamtedza tsopano anali ndi yunifolomu ndi makwerero a boma. Akakwera pamwamba kukapaka mitambo, ankatha kusuzumira kuseri. Kutsogolo kwake kunali nkhalango yake, yobiriwira ngati ndiwo za m'dimba. Kuseri kunali phiri lofiira, zitsa zili mbwee. Mtengo uliwonse umene ankaujambula, ankaujambula pa thabwa la mtengo womwewo. Ankadziwa zimenezi. Ankatsika, n'kutsuka maburashi, osauza munthu.

Beseni la Esinati linayamba kubwera losadzaza. Kenaka linabwera ndi masuku ongokuta pansi. Tsiku lina linabwera ndi mandasi a eni ake.

"A Kamtedza," anatero Esinati, osamuyang'ana, "ndamva kuti kwanuko misuku yabereka."

"Esinati..."

"Mundithyolereko. Kwathu kuno yatha kugwa."

"Ndimaganiza kuti akaona chithunzi amanga weniweni."

"Ndikudziwa zimene mumaganiza. Inu mumaganiza bwino nthawi zonse. Pakamwa ndi pamene Mulungu anakumanani."

Lamulungu lotsatira Kamtedza anapinda buluku n'kuwolokera ku Tidikire. Anawapeza a Chikhasu akukonza mpando pabwalo. Anagwada chapatali, chipewa m'manja.

"Malume, wailesi inanena kuti mlatho unatha."

"Ndinamva, akamwini, ndinamva," anatero a Chikhasu, msomali uli pakamwa. "Ndipo akuti ndi wa manja anu. Ndiye zavuta pati? Mudzere pamlathopo, mufike kuno buluku lili louma, mkazi mutenge."

Anayang'ana miyendo ya Kamtedza, imene inali ndi matope mpaka m'maondo.

"Lero mwadzera njira yakale, eti? Chizolowezi n'chovuta."

Mvula ya chaka chimenecho inapeza phiri lili lamaliseche. Madzi amene kale ankayamba acheza ndi mizu asanatsike, tsopano ankathamangira mumtsinje ndi dothi lomwe. Chedwetsa anafufuma, n'kuyamba kudya gombe la Takhuta pang'onopang'ono, pamalo penipeni pamene panazikidwa mizati yochirikiza chithunzi. Kamtedza anaona ming'alu. Anapita ku unduna, anaima pakhomo la Mayi Chiphamaso mpaka miyendo kuwawa, ndipo atamulowetsa anakwanitsa kunena kuti, "Mayi, kumbuyo kuja sikuli bwino."

"Kumbuyo kumaoneka?"

"Ayi, mayi."

"Ndiye si za unduna uno."

Chithunzicho chinagwa m'mawa wina mvula itangokata, anthu a ku Tidikire ataunjikana pagombe lawo kudikira madzi, mfumu ikuthira shuga m'kapu. Kunamveka kulira kwa misomali, kenaka nkhalango yonse ya Musakhudze, ndi mitambo yake, ndi mlatho wake, inapendekera chagada pang'onopang'ono ngati nkhalamba ikukhala pamkeka. Phi! Nsonga yake inakagwera kutsidya, tsinde linatsala ku Takhuta. Kutalika kumene anakuonjezera pamene mfumu inawongola msana kunakwanira ndendende kuyambira gombe ili mpaka linalo.

Kenaka mbuzi ina, yosapakidwa penti, inakwera pamitambo, inadutsa m'nkhalango, n'kutsikira ku Takhuta ziboda zili zouma. Wakabaza uja anaitsatira. Pambuyo pake panabwera dera lonse.

Pakhonde, mfumu inakweza maso. Inaona phiri lofiira la zitsa. Inaona madenga a malata adzimbiri otsendereza ndi miyala, utsi, zovala pazingwe, ndi chigulu cha anthu chikubwera ndi mabeseni. Inapenya nthawi yaitali. A Tidzamanga anayamba kuvula okha baji ya unduna.

"Chiphamaso."

"Wawa, Maso a Dziko."

"Ndani wapachika chithunzi chonyansachi kutsogolo kwa nkhalango yanga?"

Mayi Chiphamaso anapuma mpweya umene anaugwira kuyambira pamene misomali inalira. "Adani a dziko, Maso a Dziko. Nsanje."

"Wojambula wake sadziwa n'komwe ntchito. Phiri lofiira linaoneka kuti? Chichotsedwe."

Tsiku limenelo boma silinatsegule. Asilikali anatumidwa kukadzutsa chithunzi chakale, koma anapeza Mayi Nangozo atakhala pakati pake, tomato atayala kale pamtambo.

"Mayi, chokani, katundu wa boma uyu."

"Wa boma? Mwana wanga, unachigwetsa ndiwe?"

"Ayi."

"Anachigwetsa ndani?"

"Chagwa chokha."

"Nanga matabwawa si a m'Musakhudze, aja anagwa okha? Ndiye chagwa chokha kawiri. Ife tatola. Ugula tomato kapena ukudutsa?"

Msilikaliyo anali wa ku Tidikire, ndipo nsapato zake zinali zisanaumepo chilowereni ntchito. Anakanena kuti chinthucho n'cholemera.

Galimoto ya unduna inaimanso pabenchi ya Kamtedza. Pankafunika nkhalango ina mofulumira, koma m'Musakhudze munalibenso mtengo woti ugwe. Anafufuza m'nyumba yachifumu monse, n'kupeza chitseko chakale cha bafa. Kamtedza anajambulapo phiri, misuku, mtsinje wabuluu ndi mlatho wopanda munthu, ndipo anachikhomera pakhonde pomwepo, patsogolo pa mpando wa mfumu. M'mawa mwake mfumu inapenya, n'kunena kuti sinaonepo dziko lake likuoneka pafupi chonchi. Kunaoneka bwino. Maofesi anatsegulidwa, ndipo Mayi Chiphamaso analandira mendulo yoteteza zachilengedwe.

"Chitseko chimodzi?" anatero Esinati atamva. "Chitseko chimodzi chikanakwana?"

Kamtedza anayang'ana chidebe cha penti.

A Chikhasu anabwera okha kudzayesa mlathowo. Anaugogoda ndi ndodo, anadumphapo pang'ono, anayenda mpaka ku Takhuta n'kubwerera. Kamtedza ankawatsatira kumbuyo, buluku lake lili louma mpaka kumapazi, akuliyendetsa moti lioneke.

"Ndi wopendekeka," anatero a Chikhasu. "Ndipo sindinaonepo mlatho wokhala ndi chithunzi cha mlatho." Anakanda chibwano. "Koma ndinati mlatho. Sindinanene mtundu wake. Auzeni ankhoswe anu abwere."

Tsiku lopita ku chitengwa, Esinati anasenza beseni lake lija, muli mapoto ndi zitenje, azakhali akululutira kumbuyo. Mapazi a anthu anali atayamba kale kufufuta penti. Mitambo inali itatha, misuku ikuoneka mwa apo ndi apo, matabwa akutulukira pansi pake. Atafika pakati, Esinati anaima. Pamene panali mphika wa maluwa, maluwawo anali atafufutika, ndipo pansi pake panatulukira kamayi kosenza beseni.

Anakayang'anitsitsa. Maso ake anawadziwa.

"A Kamtedza, ameneyu ndi ine?"

"Ee."

"Ndiye munandiika pamlatho kalekale, osandiuza?"

"Anandiuza kuti ndikufufute."

"M'besenimo munaikamo chiyani?"

"Masuku."

Esinati anatembenuka, beseni lili pamutu, n'kuyang'ana phiri lofiira limene linamulera. Azakhali anasiya kululuta, osadziwa chimene chaimitsa ulendo. Kenaka Esinati anakweza phazi, n'kumulambalala mayi wapentiyo mosamala.

"Muwauze anthu asamapondepo apa," anatero. "Masuku atsala ndi omwewa."